Diso likachita mdima chifukwa cha matenda a m'mphuno: kodi opaleshoni imabweza kuona?

Opaleshoni ya maso imene ambiri timaidziwa ndi ya ng'ala. Agogo amalowa m'chipatala atagwiridwa dzanja, m'mawa mwake anamwino n'kumatula bandeji, iwo n'kuyamba kutchula adzukulu mayina mmodzimmodzi. Ndiye munthu akauzidwa kuti diso lake lasiya kuona chifukwa cha matenda a m'mphuno ndipo afunika opaleshoni, abale amadikira zomwezo. Koma iyi ndi nkhani ina. Pa ng'ala chimene chaonongeka amachichotsa n'kuikapo chatsopano. Apa chovulala ndi mtsempha wa diso, ndipo mtsemphawo palibe dokotala amene angausinthe.

Mphuno ndi diso n'zoyandikana, inde, koma matenda a m'mphuno angathimitse bwanji diso?

Mafupa a kumaso kwathu ali ndi mphako zodzaza mpweya, zimene kuchipatala amazitchula kuti sinus. Iliyonse ili ndi kakhomo kotulutsira mamina m'mphuno. Zina zili m'masaya, zina pamphumi, koma zimene zimaopseza diso kwambiri ndi zobisika: timphako ta ethmoid, timene tili pakati pa maso awiri, ndi mphako ya sphenoid, imene ili kuseri kwenikweni kwa mphuno, pakatikati pa mutu.

Diso palokha siliona. Limalandira kuwala n'kutumiza uthenga ku ubongo kudzera mu mtsempha umodzi wotuluka kumbuyo kwake, wokhala ndi timinyewa pafupifupi 1.2 miliyoni. Polowa m'chigaza mtsemphawu umadutsa m'kanjira ka fupa kotalika pafupifupi sentimita imodzi, ndipo khoma la kanjirako ndi lomwelo la mphako ya sphenoid. Mwa anthu ena khomalo ndi lopyapyala kwambiri, mwa enanso lili ndi mpata, moti chimene chikulekanitsa mtsempha ndi mphako ndi kachikopa chabe. Palinso anthu amene kamphako kawo komaliza ka ethmoid kanakulira kumbuyo mpaka kugundana ndi mtsemphawo. Kamphako aka kamatchedwa ndi dzina la Adolf Ónodi, dokotala wa ku Hungary amene anafotokoza za ubale wake ndi mtsempha wa diso kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900.

Vuto ndi lakuti m'kanjira ka fupa mulibe pothawira. Chinthu chikatupa pamenepo mtsempha umapanikizika, timitsempha ta magazi touthirira timatsekeka, ndipo uthenga umaleka kufika ku ubongo ngakhale disolo lili bwinobwino.

Ndiye aliyense wa chimfine chosatha azichita mantha?

Ayi. Anthu ovutika ndi mphuno ndi ambirimbiri, ndipo amene zimafika pa diso ndi ochepa zedi. Zimachitika m'njira zingapo zodziwika, ndipo njira yake ndiyo imanena zambiri za mmene munthu adzachirire.

Nthawi zina kakhomo ka mphako kamatsekeka, mwina chifukwa cha matenda akale, kuvulala kapena opaleshoni ya m'mbuyomu. Mkati mamina amapangidwabe koma alibe kotulukira. Mphakoyo imafufuma mwapang'onopang'ono kwa miyezi kapena zaka, ikudya fupa lozungulira, mpaka kukatsamira mtsempha. Chotupa chotere amachitcha mucocele, ndipo si khansa. Choipa chake n'chakuti mwiniwake angakhale alibe chimfine n'komwe. Amangodandaula mutu wowawira mkati, kuseri kwa diso kapena paliwombo, n'kumamwa panado miyezi yambiri.

Mwa ana zimabwera mwaliwiro. Chimfine chimakula n'kuchita mafinya, ndipo mafinyawo amaboola kafupa kolekanitsa ethmoid ndi dzenje la diso, kamene kuchindikala kwake sikufika ndi milimita imodzi yomwe. Mwana amatentha thupi, chikope chimatupa n'kufiira, diso n'kuyamba kutong'oka.

Kenako pali fangasi, amene amabwera m'mitundu iwiri yosiyana kutalitali. Wina amangounjikana m'mphako pamodzi ndi mamina okhuthala kwambiri ndi tinyama tolendewera m'mphuno, kawirikawiri mwa achinyamata athanzi lawo a m'madera otentha. Uyu amakankha, salowa m'mnofu. Winayo amalowerera m'mnofu ndi m'mitsempha ya magazi n'kuitseka, ndipo amagwira anthu amene chitetezo cha m'thupi chatsika: odwala shuga amene shuga wawo wakwera kwambiri, olandira mankhwala a khansa, amene HIV yawafooketsa. Mu 2021, mliri wa COVID-19 uli pachimake, dziko la India linalemba anthu oposa 40,000 odwala mtundu umenewu, wotchedwa mucormycosis, ndipo ambiri mwa iwo anali a shuga amene anapatsidwanso mankhwala a steroid.

Zizindikiro zoti munthu asagone nazo kunyumba ndi ziti?

Diso limodzi kuyamba kuona mwachimbuuzi kapena kuchita mdima, makamaka ngati pali mutu wowawira kuseri kwa disolo. Kuona zinthu ziwiriziwiri. Chikope kugwa, diso kutong'oka kapena kukanika kutembenuka. Kwa wodwala shuga, onjezanipo dzanzi patsaya ndi nkhanambo zakuda m'mphuno kapena kumwamba kwa m'kamwa.

Chimene chimanyenga ndi diso linalo. Limagwira ntchito ya awiri, ndipo munthu amatha milungu osadziwa kuti limodzi lazima, mpaka tsiku limene atikite diso labwinolo n'kupeza kuti kutsogolo kuli bii. Mukamamva mutu wachilendo, phimbani diso limodzi ndi chikhatho, yang'anani kalendala wa pakhoma, kenako sinthani. Yang'ananinso chinthu chofiira kwambiri, kaya chitsekero cha botolo. Ngati diso lina likuchiona chofiira psuu pamene linalo likuchiona chofwifwa ngati chotha utoto, mtsempha wa mbali imeneyo uli pamavuto, ngakhale mukadatha kuwerenga.

Kuchipatala amadziwa bwanji kuti vuto lili pa mtsempha, osati pa diso?

Chida choyamba ndi tochi wamba. M'chipinda cha kamdima, dokotala amawalitsa diso labwino, ndipo mwana wa diso amachepa mbali zonse ziwiri. Akasamutsira tochiyo mwachangu ku diso lodwala, mwana wa disolo m'malo mochepa amayamba kukula, chifukwa ubongo ukuona ngati kuwala kwachepa. Kuyeza kumeneku sikufuna magetsi kapena makina, ndipo wa zachipatala wophunzitsidwa za maso pachipatala cha boma chaching'ono angakuchite.

Kenako amayeza kuchuluka kwa zimene mukuona: zilembo za pakhoma zija, mutaima mamita 6. Amene saona ngakhale chilembo chachikulu cha pamwamba amamuwerengetsa zala, zikakanika amamugwedezera dzanja, zikakanikanso amamufunsa ngati akuona kuwala kwa tochi. Zimene alembe m'kabuku kanu ka kuchipatala tsiku limenelo n'zofunika kwambiri, chifukwa ndi pamene kuchira konse kudzayezedwere. Amasuzumiranso m'kati mwa diso kuti aone mutu wa mtsempha. Wamoyo umaoneka wofiirira. Timinyewa tikafa umatuwa, koma kutuwako kumatenga milungu 4 mpaka 6 kuti kuonekere. Choncho mtsempha wooneka bwino sabata yoyamba sutsimikizira kuti zonse zili bwino, pamene wotuwa kale umaulula kuti vutoli ndi lakale.

Chimene chili m'mphako amachiona pojambula mutu ndi makina a CT, amene amaonetsa bwino mafupa, ndipo nthawi zina a MRI, amene amaonetsa bwino mtsempha ndi ubongo. Chithunzi cha X-ray wamba sichithandiza kwenikweni pa mphako zakuya izi.

Pa opaleshoniyo amachita chiyani? Amang'amba diso?

Nthawi zambiri diso salikhudza n'komwe, ndipo kumaso sikutsala chipsera. Munthu atam'goneka tulo, dokotala wa makutu, mphuno ndi pakhosi amalowetsa m'mphuno kachitsulo kowala kokhala ndi kamera, konenepa mamilimita 4, n'kumaona zonse pa sikirini. Njira iyi anaiyambitsa ndi kuikuza ndi Walter Messerklinger ndi Heinz Stammberger ku Graz m'dziko la Austria, ndipo inafala m'maiko ambiri kuyambira m'zaka za m'ma 1980. Dokotala amatsegula khomo la mphako, kuyamwa mamina, mafinya kapena fangasi, n'kusiya khomolo lotakasuka kuti lisadzatsekekenso. Pakafunika amapalanso fupa la kanjira kaja kuti mtsempha upeze malo. Zimene wachotsa amazitumiza ku labotale, chifukwa mankhwala otsatira amadalira chimene chapezeka.

Onetsetsani apa: m'zonsezi palibe pamene dokotala wakonza mtsempha. Wangochotsa chimene chimaupsinja.

Ndiye funso lenileni: munthu amaonanso?

Ambiri amaonako bwino kuposa mmene analowera, ena amabwerera mwakale, ena sasintha. Kusiyanaku kumachokera pa zimene zachitikira timinyewa tija. Mukakhalira mwendo nthawi yaitali pamphasa umachita dzanzi, moti simuumva, koma mukaimirira umabwerera, chifukwa mtsempha unangokomoka, sunafe. Pa mtsempha wa diso wopanikizidwa, timinyewa tina timakhala tokomoka motero, tina tavulala koma tingapole, tina tafa. Opaleshoni imadzutsa tokomoka ndi kupatsa mpata tovulala. Takufa sitimeranso, popeza mtsempha wa diso ndi mbali ya ubongo, wosiyana ndi mitsempha ya m'manja ndi m'miyendo imene ikaduka imatha kumeranso pang'onopang'ono.

Asanalowe m'chipinda cha opaleshoni palibe amene angawerenge kuti tokomoka ndi tingati, takufa ndi tingati. Dokotala amangoyang'ana zizindikiro. Amene ankathabe kuwerenga zala ali ndi mwayi woposa amene ankangoona kuwala, ndipo amene sankaona ngakhale kuwala kwa tochi ndiye mwayi wake ndi wochepa, ngakhale alipo ena otere amene anaonanso atachitidwa opaleshoni msanga. Amene kuona kwake kunkatsika pang'onopang'ono amachira bwino kuposa amene anagona akuona n'kudzuka kuli mdima, chifukwa kuzima mwadzidzidzi nthawi zambiri kumatanthauza kuti magazi aleka kufika. Mtsempha wotuwa kale ndi chizindikiro choipa, koma sikuti nkhani yathera pomwepo: opaleshoni ingatetezebe kochepa kamene katsala.

Mtundu wa matenda nawonso umalankhula. Pa mucocele ndi pa fangasi wongokankha uja, zotsatira zimakhala zosangalatsa kawirikawiri, nthawi zina modabwitsa. Pa fangasi wolowa m'mitsempha ya magazi, diso limene lazima nthawi zambiri silibwerera. Pamenepo opaleshoni ndi yopulumutsa moyo: amadula mnofu wonse wakufa, mwina kangapo, amapereka mankhwala a amphotericin B m'diripi kwa milungu, ndipo matenda akalowerera kwambiri amatha kuchotsa ndi diso lomwe.

Ine ndimaona kuti dokotala amene wakuuzani kuti sangalonjeze ndi woyenera kum'khulupirira kuposa amene wakuuzani kuti musadandaule, muona. Koma mawu akuti sindingalonjeze asakhale chifukwa chobwerera kunyumba kukaganiza kaye mwezi wathunthu.

Kuchedwa kumayambira pati?

Zimadalira chimene chikupsinja. Magazi akatsekeka kotheratu, nkhani imakhala ya mphindi. Sohan Singh Hayreh, amene anali katswiri wa maso pa yunivesite ya Iowa ku America, anayesa pa anyani n'kupeza kuti kachikopa kolandira kuwala m'kati mwa diso kamapirira pafupifupi mphindi 100 popanda magazi, ndipo pofika maola 4 kamakhala kataonongekeratu. N'chifukwa chake mwana wotupa diso amene wayamba kusaona amathamangira naye ku opaleshoni ngakhale usiku. Pa mucocele nthawi imakhalapo yochulukirapo, koma madokotala ambiri aona kuti opaleshoni ikachedwa kupitirira masiku 7 mpaka 10 diso litazima, mwayi umatsika kwambiri.

Kuno kwathu masiku amenewo amathera panjira. Madokotala a makutu, mphuno ndi pakhosi ndi ochepa. Kwa zaka zingapo Malawi yense ankadalira mmodzi, a Wakisa Mulwafu, pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Gulupu kuja. Makina a CT amapezeka m'zipatala zikuluzikulu, ndipo munthu wakumudzi amayambira pachipatala chaching'ono, kupita kuchipatala cha boma, kenako kulandira kalata yopita kuchipatala chachikulu. Choncho mawu oyamba amene mukunena mukakhala pamaso pa adokotala ndi ofunika. Mukayamba ndi mutu, mungabwerere ndi panado kapena kukayezedwa malungo. Yambani ndi diso: diso lakumanzere lasiya kuona kuyambira Lachiwiri. Pemphani kuti aliyeze palokha, linalo litaphimbidwa, ndipo alembe.

Opaleshoni yachitika dzulo koma bambo akuti sakuonabe. Ndiye kuti yalephereka?

Musafulumire kutero. Ena amadzuka ku opaleshoni akuona kale kusintha, makamaka ngati mafinya kapena mamina ndiwo amapsinja. Koma masiku oyamba m'mphuno ndi mozungulira mtsempha mumakhala motupa, ndipo n'chifukwa chake madokotala amaperekanso mankhwala a steroid ochepetsa kutupa. Kusintha kwakukulu kumaoneka m'milungu yoyambirira, kenako kumapitirira pang'onopang'ono kwa miyezi 3 mpaka 6, nthawi zina mpaka chaka. Chaka chikatha, pamene afikapo nthawi zambiri ndi pomwepo.

Kubwerera kwake sikukhala kwa tsiku limodzi. Bambo angayambe ndi kudziwa kumene kuli zenera, kenako kuona chithunzithunzi cha munthu akudutsa, kenako kuzindikira kuti ndi mayi chifukwa cha chitenje, nkhope n'kudzabwera pambuyo. Abale ena amawayesa m'mawa, masana ndi madzulo, zala zili m'mwamba, ndipo wodwalayo amatopa n'kuyamba kungovomera kuti awasiye. Kamodzi pa sabata n'kokwanira, pamalo omwewo, nthawi yomweyo, diso labwino litaphimbidwa bwino.

Chimene sichiyenera kudikira ndi kubwerera m'mbuyo. Ngati kuona kunayamba kubwera kenako kwatsikanso, kapena diso latupa mwadzidzidzi n'kulimba, bwererani kuchipatala nthawi yomweyo, chifukwa mwina magazi akuunjikana kuseri kwa diso.

Mlongo wanga akuwerenga zilembo zonse kuchipatala koma akuti disolo silili ngati kale. Akungodandaula?

Sakunama. Zilembo za pakhoma n'zakuda bii pa pepala loyera, ndipo zimayeza mbali imodzi yokha ya kuona. Mtsempha umene unavulala umatha kuwerenga zilembozo koma mitundu n'kumaoneka yozilala, kuwala n'kumaoneka kochepa, ndipo madzulo kukamachita chisisira zinthu zimasokonekera. Ena amatsala ndi kadera kamdima pakati kapena m'mbali, kamene kamapezeka pokhapokha atayezedwa ndi makina oyeza kutambalala kwa kuona. Woyendetsa galimoto kapena kabaza ayenera kuyezedwa zimenezi asanabwerere pamsewu.

Magalasi, mavitamini kapena mankhwala azitsamba angathandize?

Magalasi amakonza mmene kuwala kukulowera m'diso, sakonza mtsempha. Angathandize ngati munthu anali kale ndi vuto lofuna magalasi. Mavitamini sadzutsa timinyewa takufa, ndipo amene akugulitsa botolo lodula ndi lonjezo limenelo akungokudyerani ndalama. Zodontheza m'maso zosachokera kuchipatala, kaya madzi a masamba, zimatha kuyambitsa zilonda pa diso lomwe linali lopanda vuto, pamene matendawo ali kutali, kuseri kwa fupa.

Chenjezo lina ndi la mankhwala a steroid aja, prednisolone ndi anzake. Ndi mankhwala othandiza akaperekedwa ndi dokotala amene akudziwa chimene chili m'mphako, koma amakweza shuga, amatha kukweza mphamvu ya madzi a m'diso, ndipo pa fangasi wolowa m'mnofu amakolezera matenda. Si ogula nokha, komanso amene wamwa kwa milungu asawasiye mwadzidzidzi.

Kunyumba tizisamala chiyani?

Kwa sabata imodzi kapena ziwiri wodwala asamine, ndipo poyetsemula azitsegula pakamwa. Fupa lolekanitsa mphuno ndi dzenje la diso lingakhale lotseguka, moti akamina mwamphamvu mpweya umatha kulowa kuseri kwa diso, chikope n'kufufuma pomwepo. Kusenza ndowa, kulima ndi kuweramira pamoto wa utsi zidikire kaye.

Kutsuka m'mphuno ndi madzi amchere ndiyo ntchito imene ambiri amainyozera, chonsecho ndi imene imasunga khomo lija lotseguka. Madziwo akhale owiritsa n'kuziziritsa, osati ongotunga pachitsime, ndipo muyeso wa mchere ukhale umene adokotala anena. Munthu amaweramira pabeseni, pakamwa pali yasa, n'kupopera madzi mbali imodzi ya mphuno mpaka atulukire mbali inayo pamodzi ndi nkhanambo ndi magazi oundana. Timagazi tochepa masiku oyamba si todetsa nkhawa. Kamfuno wosaleka, kutentha thupi, khosi kuuma, kapena madzi oyera mbee odontha mbali imodzi ya mphuno munthu akawerama, okoma mchere akatsikira kukhosi, n'zofuna chipatala tsiku lomwelo. Madzi otero angakhale ochokera ku ubongo.

Matendawa angabwererenso? Nanga diso linalo?

Mucocele ikatsegulidwa bwino sibwerera kawirikawiri, koma khomo likhoza kutsekekanso patapita zaka. Fangasi wongokankha uja ndiye ali ndi chizolowezi chobwerera, ndipo amene anadwalapo amafunika mankhwala opopera m'mphuno ndi kuonedwa ndi dokotala kwa nthawi yaitali, ngakhale akumva bwino. Mphako za sphenoid zili pakati, mitsempha ya maso onse awiri ikudutsa m'mbali mwake, kotero matenda osiyidwa angafike ndi ku diso linalo. Ichi n'chifukwa chimodzi chimene madokotala amachitirabe opaleshoni ngakhale akudziwa kuti diso loyambalo silibwerera.

Ngati chaka chatha ndipo disolo silinabwerere?

Munthu wa diso limodzi amavutika poyamba kuyeza kutalika kwa zinthu zapafupi. Amathira tiyi pambali pa kapu, amaphonya sitepe ya minibasi, ulusi umakana kulowa pa singano. Ubongo umaphunzira njira zina m'miyezi ingapo: kugunditsa mlomo wa ketulo pa kapu asanathire, kutembenuza mutu wonse powoloka msewu, kukhala pampando woti anthu azikhala mbali ya diso loona. Ambiri amabwerera ku ntchito zawo.

Diso lotsalalo lizitetezedwa ndi magalasi osasweka a pulasitiki powaza nkhuni, poswa miyala, powotcherera kapena popopera mankhwala m'munda, ndipo liziyezedwa kuchipatala cha maso kamodzi pachaka. Amene maso onse awiri anakhudzidwa afunse kuchipatala komweko za magalasi okulitsa zilembo, ndipo bungwe la Malawi Union of the Blind lingawalozere kumene amaphunzitsa kuyenda ndi ndodo yoyera ndi kuwerenga zilembo za braille.